Ndinadina apudeti, apongozi akundikaniza mkazi ndi mwana

Aphungu,

Ndithandizeni, chala changa chandiputira mlandu. Ndimakonza mainjini a maboti kuno ku Liwaladzi. Mkazi wanga Rahila anapita kukachira kwa makolo ake kuboma, ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, Ummy. Mpaka lero onse awiri sanabwerere, chifukwa cha tchesi.

Apongozi anga aamuna, a Sufiyani, amakonda tchesi kuposa tiyi. Kwa zaka zambiri akhala akusewera ndi pulogalamu yakale ya mufoni mwawo, ndipo ankaikwapula tsiku ndi tsiku. Lachisanu akatuluka mumzikiti ankakhala pakhonde, anzawo atawazungulira, n'kumaonetsa mmene munthu amakhaulitsira makina.

Tsiku lomwe ndinapita kukatenga mayi ndi mwana, anandipatsa foniyo kuti ndiione, akuti ikuchedwa. Ine pofuna kuoneka mkamwini wozitsata, ndinadina apudeti. Pulogalamu yatsopano inalowa, yakale inapita. Anzawo atafika, makina aja anawadyera mfumukazi tiyi asanazizire n'komwe. Anayesanso, anagonjanso. A Khalidi, mnzawo wakalekale yemwe amakonda kuwagemula, anaseka mpaka kofia kugwa.

Apongozi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Yakale ija inali ndi ulemu. Iyi mwaikamo jini. Mwana wanga sachoka pano mpaka mutandibwezera mnzanga uja."

Ndafika kwa okonza mafoni pamsika, onse akuti yakaleyo sangaipezenso. Apongozi aakazi akungoti, "Pirirani bambo, eni ake mukuwadziwa." Rahila ndikamuimbira amangoseka, koma ine zikundiwawa. Mwana wanga ndikumuonera pazithunzi ngati ndili ku Joni. Kodi pulogalamu yatsopanoyi ndi yamphamvudi chonchi, kapena apongozi akalamba? Nditani ine?

F.L., Liwaladzi

A F.L.,

Apongozi anu sanakalambe, ndipo mufonimo mulibe jini. Mapulogalamu a tchesi amakono ndi amphamvu kwambiri kuposa akale, moti abwinowo ngakhale akatswiri a dziko lonse sawagonjetsa. Yomwe a Sufiyani ankaikwapula ija mwina inali yofooka, mwinanso inali pa levulo ya ophunzira kumene. Zimenezi musakazinene pakhonde.

Koma inunso mwandiseketsa. Anakupemphani kuti foni ifulumire, inu n'kuwasolola mpando pamaso pa anzawo! Bambowa sakulira pulogalamu ayi. Chikuwapweteka ndi kuseka kwa a Khalidi.

Pitani nokha, tsiku lomwe si Lachisanu, mutanyamula chambo chooneka bwino. Pepesani kuti munasintha chinthu chawo osafunsa. Kenako auzeni zoona, kuti makina amenewa amagonjetsa aliyense, muwatsegulire posankhira mphamvu ya pulogalamuyo, aone kuti levulo imatsika. Asankhe okha ndi chala chawo. Musakaitsitse mwakabisira, chifukwa akadzazindikira, Ummy mudzamuona akuyamba sitandade wani.

Zikatheka, anong'onezeni kuti Lachisanu lotsatira apatse a Khalidi foniyo ili pa mphamvu zonse, anthu akuonerera. Kofia ija ikagwanso, mlandu wanu watha.

Rahila naye asiye kuseka, alankhule ndi bambo ake, pakuti mwana si chikole cha foni. Zikakanika, itanani ankhoswe. Akhala akuweruza nkhani zopanda mutu kuposa iyi.

Pomaliza, chenjerani. Mtima wawo ukatsika adzatulutsa bolodi kuti musewere nawo. Kaya tchesi mumaitha bwanji, ine sindikudziwa. Koma mpaka mayi ndi mwana atakhala pansi m'minibasi ya ku Liwaladzi, chitseko n'kutsekedwa, pulogalamu yakale yaulemu ija ndinu.