Bambo Mmodzi pa Mapemphero a Amayi

Aphungu,

Ndatopa, ndipo si mawondo okha. Ndili ndi zaka 71. Ndinaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo kwa zaka 22 ndakhala ndikutsogolera mapemphero a amayi a Lachiwiri masana kutchalitchi kwathu. Timavala zoyera, timagwada pansi zigongono zili pabenchi, kuyambira 2 koloko mpaka 4. Ine ndimatsegula ndi pemphero, kenako ndimawerenga timapepala ta zopempha timene anthu amaponya m'bokosi, n'kugawa: uyu apempherere wodwala, uyo apempherere wandende. Tinalipo 23.

Mu Meyi tinaika m'manda mnzathu Zuleide. Lachiwiri lotsatira amuna ake, a Ednaldo, anabwera n'kugwada pomwe ankagwada malemuwo, benchi yachitatu kumanzere. Abwera ka 19 osajomba. Ndi osoka nsapato, kuwerenga sadziwa, ndipo kupatula "Ameni" sitinkawamva mawu.

Abusa athu atsopano, a Genivaldo, a zaka 36, atamva anandiitana. Anati, "Mayi, mukakhala akazi okhaokha tsogolerani. Koma pakakhala mwamuna, mkazi saima kutsogolo, Paulo ananena kale. Sankhani: azitsogolera iwowo, kapena muwauze asiye kubwera."

Ndinayesa choyambacho. Ndinawaimika a Ednaldo kutsogolo n'kuwapatsa bokosi. Anaima mphindi 4, ndinkayang'ana wotchi, thukuta lili kamukamu, pepala atalizondotsa. Mayi Quitéria, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anakuwa kuti, "Achimwene, tembenuzani pepalalo, mungatipempherere chadodolido!" Ena anaseka. Bambowo anangoti, "Alongo anga, ine ndimangobwera kudzamva zomwe Zuleide ankamva." Anakhala pansi.

Kenako ndinachita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi. Ndinawaikira mpando panja, kunsi kwa zenera, kuti m'kati mukhale akazi okhaokha, lamulo lisasweke. Anakhala pamenepo Lachiwiri kawiri, chipewa chili pamwendo, odutsa akuwafunsa ngati ayamba ulonda. Amayi 6 anasiya kubwera chifukwa ndinawatulutsa bambowo. Nditawalowetsanso, ena 3 anasiya ati ndanyoza abusa, ndipo 6 aja sanabwererebe. Tatsala 14.

Mavesi ndawawerenga. Ndapeza 2 onena kuti mkazi akhale chete, ndi 9 oonetsa akazi akupemphera kapena kuphunzitsa amuna alipo. Koma ndikudziwa kuti Malemba si mavoti. Awa ndi abusa achisanu kuwatumikira, ndipo sindinakanganepo ndi mmodzi yemwe. Andipatsa mpaka Lachiwiri likudzali. Ndiwauze bwanji bambowo? Kapena ndingotula pansi udindowu ndikapume?

I. C. S., Caruaru

Mayi I. C. S.,

Za mpando wa pazenera uja munalakwa, ndipo mukudziwa. Mawa lomwe pitani kumene a Ednaldo amasokera nsapato mukapepese. Mavesi musatenge. Tengani keke ya chinangwa, mukamwere limodzi khofi.

Mukachoka kumeneko pitani kwa abusa, koma osati nokha. Tengani amayi abusa ndi mmodzi mwa atatu aja anachoka. Mayi Quitéria atsale kunyumba, ndipo mndandanda wanu wa 9 ndi 2 utsale nawo. Mbusa wachinyamata mukamugonjetsa pa masamu mkazi wake akuona, aumirira mpaka tsitsi liyere. Ingowafunsani modekha kuti munthu amene wagwada chete, misozi ili m'maso, akulamulidwa ndi ndani. Akhristu amamva mawu a Paulo aja mosiyanasiyana, ndipo ine si mkulu wa mpingo wanu. Koma Paulo yemweyo atapeza amayi atasonkhana kudzapemphera m'mbali mwa mtsinje anakhala nawo pansi, sanawabalalitse. Ndipo kugawa timapepala ta odwala si kukwera paguwa.

Apempheni abusawo abwere Lachiwiri limodzi adzagwade nanu maola awiriwo. Za bambowo anangomva, sanaone. Afunseninso kuti amuna a mumpingomo akhala ali kuti kuyambira Meyi. Bambo woferedwa akamathawira kwa amayi, ndiye kuti abale ake sanagogode pakhomo pake. Dzenje lenileni lili pamenepo.

Za kutula udindo, kutopa si tchimo. Pa zaka 22 munayenera kukhala mutaphunzitsa kale wina wogwira bokosilo, choncho yambani tsopano. Koma musachoke sabata ino. Mukachoka, wolowa m'malo mwanu apeza mlandu womwewu, ndipo a Ednaldo aona kuti gulu la mkazi wawo lapasuka chifukwa cha iwo. Amenewo akhala maliro achiwiri.

Ndikuchenjezeni: abusa akhoza kukana. Akakana, musayambe nkhondo, ndipo musapangenso njira zozembera. Koma uthenga wothamangitsa munthuyo musaunyamule. Auzeni mwaulemu kuti, "Abusa, lamulo ndi lanu, nkhosanso ndi yanu. Kawauzeni nokha, maso ndi maso." Lamulo limapepuka m'kamwa mwa wotuma. Asiyeni alinyamule okha, amve kulemera kwake.

Aphungu