Zigamba Kumsana kwa Gitala

Loweruka, 2 Marichi

Ndikupala thabwa ndakumbukira za kale. Ine wa zaka khumi ndi zitatu, mng'ono wanga wa zisanu ndi chimodzi. Ndinkamumanga dzanja lamanzere kumwendo wa tebulo ndi lamba wa bambo kuti azilemba ndi lamanja ngati anzake. Sankalira, ankangoluma mlomo. Mpaka lero amalemba ndi lamanja. Ndinkati ndinamuchiritsa.

Gitala yake yamagetsi inagwa, thupi linang'ambika pakati. Khosi ndi zamagetsi zilipo. Pa 30 gulu lawo likajambula nyimbo koyamba. Ndinalonjeza thupi latsopano. Ine, wa muofesi. Chinandilankhulitsa n'chiyani?

Bambo andipatsa thabwa lawo la mbawa, lotsala limodzi chisiyireni ukalipentala. Akuti lauma zaka khumi. "A Digiri, mulibe linzake limeneli." Aseka. Ine ayi.

Lachitatu, 6 Marichi

Ndadula thabwa pawiri, ndapala m'mbali mpaka kuwala kusamadutse ndikagundanitsa. Guluu, zopanira zinayi. Chithunzi cha thupi la gitala ndachitenga pa intaneti, ndachimata pakatoni. Pensulo, macheka, matuza. Utuchi mpaka m'kabati ya zovala. Mayi akunyumba angoika tsache pakhomo.

Lamlungu, 17 Marichi

Mabowo atha. Polowa khosi ndasema pang'onopang'ono ndi tchizulo, kuyeza kambirimbiri. Khosi lalowa thina, ndanyamula thupi lonse ndi khosilo popanda sikuluu. Maenje awiri a maginito otola mawu a nsambo, limodzi la mawaya. Pogona mkono ndapasendeza bwino. Ndaisisita ngati mwana. Mwina si ine wopanda manja monga ndimadzionera.

Lachiwiri, 19 Marichi

Bambo anabwera kudzaona. Anaitembenuza, anainunkhiza, anayendetsa chala m'maenje. Kenako: "Ntchito yabwino. Nanga woyimbayo ndani?"

Sindinamvetse. Anaikumbatira monga amachitira mng'ono wanga, khosi kuloza kumanja kwawo. Nyanga yaitali ya thupilo, yoyenera kukhala pamwamba, ili pansi, zonse chadodolido.

Mng'ono wanga amayimba ndi lamanzere.

Zaka zisanu ndi zitatu akuyimba. Sindinapiteko kukamuonera n'kamodzi komwe. Nthawi zonse ntchito, mutu, mvula. Zoona zake ndinkaona ngati ndi zachibwana, za munthu amene sukulu inamukanika. Khosi lakhala pano masabata awiri, timizere ta nsambo tikuonetseratu kuti yaikulu imakhala mbali inayo. Ndinayeza chilichonse kupatula mwini wake.

Lachisanu, 22 Marichi

Masiku awiri osalowa m'shedi. Mng'ono wanga anaimba foni, ndinati zikuyenda. "Achimwene, ndauza anzanga onse kuti mukupanga ndinu."

Bambo akuti maenje sanabowoke mpaka kuseri. Nditseke ndi zidutswa za thabwa lomwelo, mizere ya mtengo iyang'ane kumodzi, ndipale, nditembenuze, msana ukhale nkhope. Manja awo amanjenjemera, ndiye amangoloza ndi ndodo. Kamodzi anandigogoda nayo pachala.

Lachiwiri, 26 Marichi

Zigamba zinayi zagwira. Pogona mkono pomwe ndinasendeza paja tsopano pagona pamimba pake, mwamwayi. Ndasemanso zonse mbali inayo. Khosi lalowa, osati thina ngati poyamba. Kapepala kamodzi pansi pake.

Mayi akunyumba akuti ndipake penti wakuda, palibe adzadziwe. Ndagula kachitini. Kali pawindo. Ndafunsa bambo, angoti thabwa lawo silinavalepo penti.

Lachinayi, 28 Marichi

Vanishi. Zigamba zonse mbee.

Mng'ono wanga wabwera masana ano. Anainyamula ndi lamanzere, mosaganiza n'komwe, n'kuikhazika pantchafu. Zala zinayamba kuthamanga pomwe palibe nsambo. Aka n'koyamba kuona manja ake akuchita zimenezi. Kenako anaitembenuza.

"Achimwene, kumsanaku kwatani?"

Ndinati ndikatenge madzi akumwa. Ndili kuchipinda. Pakamwa sizituluka, ndayesa kawiri pagalasi. Za lamba zija sitinazikambepo. Sindidziwa ngati amazikumbukira, kapena ngati anasiya tsiku limodzi kuzikumbukira.

Ali pakhonde ndi bambo, ndikumva akugogoda thupi lija ndi chala, akumvetsera kulira kwa mtengo. Ndathothola masamba a buku lino kuyambira pa 2 Marichi. Lino ndi lomaliza. Ndipinda kanayi, ndikamupatsire m'dzanja lamanzere.