Pepala Langa la Chuku

Lolemba, 3 Malichi 2025

Akananso. Jenala yachitatu kukana kusindikiza pepala langa la kafukufuku. Miyezi isanu kudikira, yankho mizere inayi. Ati kafukufuku wa chuku mu mtedza wa ku Mlonyeni ndi nkhani ya kwathu kuno chabe. Ngati kuti mtedzawo suwoloka malire. Pa chipata cha Mwami pamadutsa matumba angati pa tsiku? Chuku chimadinditsa pasipoti?

Digiri yanga ya masitazi yaima pomwepo. Ku yunivesite ati popanda pepala losindikizidwa m'jenala, palibe gauni. Zaka zitatu za minibasi ya ku Lilongwe, Loweruka lililonse. Msana wokhawu ukuyenera satifiketi yakeyake.

Fomu 3 ndaiphunzitsa za impso. Theka la kalasi lili ku fodya.

Lachitatu, 5 Malichi

A Gerald, mphunzitsi wa masamu, andikokera pambali mu sitafu. Ati pepala lawo anatumiza Lachisanu, pofika Lolemba linali litatuluka. Ndaiona jenala yawoyo. Dzina lalitali ngati sitima ya katundu. M'kope limodzi muli za nkhumba, za mabanki, za mano ndi za buku la Chivumbulutso. Ati, "Madamu Imelda, bola madola. Sawerenga n'komwe." Ananena monyadira.

Ndinakopeka, ndisaname. Ndaimbira a Dokotala Zakeyu, supavaiza wa kafukufuku wanga. Ati, "Mukatumiza kumeneko, dzina langa lisaonekepo." Kwina konse dzina lawo lizikhala loyamba. Ku Mlonyeni sanapondeko. Pa pepala lonse anaonjezera mipatuliro itatu, ndipo umodzi ndinauchotsa.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndatumiza ku jenala yachinayi, yeniyeni. Kunyumba foni inagwira netiweki ya ku Zambia n'kundilandira ndi manja awiri, mayunitsi onse psiti. Kabaza mpaka pa boma kukasaka intaneti. Fomu yawo inafuna ndisankhe mzinda. Mchinji mulibe. Lero ndine wa ku Lilongwe.

Kusindikiza ati madola 1,900. Ndinaseka mpaka mayi wa pa fotokope anandifunsa ngati ndili bwino. Pansi pake timalemba ting'onoting'ono: a m'maiko osauka angathe kupempha kukhululukidwa. Ndalemba kalata yodzilira, yokoma kuposa pepala lenilenilo. Koyamba umphawi kundigwirira ntchito.

Lachisanu, 16 Meyi

Ayankha! Sanakane. Ati ndikonze zimene ounika awo awiri anena.

Wounika woyamba ndi munthu woleredwa. Wachiwiri sindikudziwa anadya chiyani. Ati Chingerezi changa achione mwini chiyankhulo. Ine, amene ku pulayimale ndinkavekedwa chigoba cha nkhono m'khosi ndikalankhula Chichewa. Akufunsa chifukwa chimene mtedza woyesa sindinausunge mu firiji yoziziritsa kwambiri. Bambo, magetsi anabwera Lachiwiri, anangodzationa. Kenako ati nditchule mapepala asanu ndi limodzi ofunika kwambiri. Onse a pulofesa mmodzi. Moni, a pulofesa, takuzindikirani.

Ndawatchula onse. Ndawerengako awiri.

Lolemba, 14 Julayi

Latuluka. Dzina langa lachiwiri, koma lilipo. Ndaliwerenga kanayi ngati analemba wina. Mfundo yaikulu ili m'bokosi pamwamba: amayi 9 mwa 10 alionse anasiya kuwaza madzi mtedza pouswa, atamva kuti chinyezi chimabweretsa chuku. Uphungu wa pa wailesi ukugwira ntchito. Zokongola.

Amayi anga pa foni ati, "Ndiye tsopano uzibaya jakisoni?" Ndati ayi. Ati, "Nanga zaka zonsezi?"

A hedi alengeza pa asembule, ana aomba m'manja osadziwa chimene akuombera. A Gerald ati takulandirani m'gulu lathu. Gulu lathu!

Kukaonekera pamaso pa oyesa a ku yunivesite ndi pa 25. Gauni ndabwereka kale kwa Eunice wa ku chipatala.

Loweruka, 19 Julayi

Sindikudziwa poyambira.

Ndinalonjeza amayi a kalabu ya mtedza kuti ndidzawauza zotsatira. Ndapita ndi masamba khumi ndi awiri mu envulopu. Ndawapeza pabwalo kwa mayi Felista, wapampando, akuswa mtedza. Pakati pawo ndowa. Dzanja m'madzi, kuwaza pamulu, kuswa. Onse. Ndinaima ngati chitsa.

Ndinawawerengerabe mfundo ija m'Chichewa. Anaseka mpaka wina anagwetsa lichero. Mayi Felista ati, "Aphunzitsi, ndani amaswa mtedza wouma? Zala zake n'zachitsulo?"

Ndafunsa chifukwa chimene anandiuzira zina chaka chatha. Ati ndinabwera ndi fomu, cholembera ndi nsapato zotseka, iwo anayesa ndine wa bungwe logawa malona ndi makina oswera. Anapangana kuti aliyense ayankhe monga imanenera wailesi. Amene anati amawaza aja ndi oti sanabwere ku msonkhano wopangana.

Ndiye mayi Felista ati, "Malona aja mpaka lero." Analibe mkwiyo. Anandipatsa mtedza wokazinga wodzaza jumbo.

Ndalira pa kabaza. Mtedzawo ndadya.

Lamulungu, 20 Julayi

Ku tchalitchi sindinamve kanthu. Ndaimbira a Dokotala Zakeyu titaweruka. Ati, "Chosindikizidwa n'chosindikizidwa. Inu munalemba zimene anakuuzani." Ndati wina akaliwerenga aganiza kuti vuto latha kuno, makina oswera akagawa kwina. Ati, "Imelda, amene amawerenga ndani?" Zaka zitatu, lero ndiye andiuza.

Ati ndikhale chete mpaka pa 25, zinazo tidzaona. Dzina loyamba lija layamba kulemera.

Lolemba, 21 Julayi

Nditaweruka ndabwerera kwa mayi Felista. Patapata, chitenje, popanda fomu. Ndakhala pamphasa, ndaswa nawo. Ndinayamba ndi wouma, mwamakani. Mphindi makumi awiri, chala chachikulu chatupa, chikhadabo chang'ambika. Ndinaviika ndekha dzanja mu ndowa. Ndinamva kuseka kwa m'mphuno.

Zimene ndamva pamphasapo sizili m'pepala la pulofesa aliyense. Chuku amachidziwa bwino. Mtedza wa ana amaupatula, amauswa wouma pang'onopang'ono. Wonyowawo ndi wa mavenda, amene sikelo zawo nazonso zimadziwa kuba. Ndafunsa amene amawaza, manja 31 mwa 34. Mayi Felista akweza awiri, ndawerenga limodzi.

Ati, "Zimenezi mukalembe. Koma dzina langa likhalepo, mwamva?"

Lachiwiri, 22 Julayi

Nthawi ya buleki, mu sitafu. Kalata ya kwa mkonzi wa jenala ndailemba, mizere isanu ndi itatu, Chingerezi chosaonedwa ndi mwini wake. Mfundo yaikulu ya pepala lathu ndi yolakwika, chifukwa chake ndi ichi, tikupempha kulikonza kapena kulichotsa. A Dokotala Zakeyu ndawaikamo kuti aione. Akhoza kundiimitsa pa 25. Akhozadi. Chaka chinanso cha minibasi, ndipo Eunice adzafuna gauni yake.

Mantha. A Gerald akusuzumira, ati ndikulembera chibwenzi?

Netiweki timizere tiwiri, ya ku Malawi. Belu lalira, Fomu 3 ikudikira. Chala chotupachi chakana kudina potumizira, ndadina ndi chinzake.