Maloko a pa mlatho

Lachitatu, 12 Juni, Golomoti

Lero mtima sunakhale m'malo. Mkazi wanga, amene akuphunzira unamwino ku Jeremani, watumiza zithunzi za ulendo wake wa patchuthi. Za ku Berlin ndi Hamburg sindinasamale nazo. Koma ku Cologne waima pa mlatho wodzaza maloko. Akuti okondana amakhoma loko pamenepo, kiyi n'kuponya mumtsinje.

Ndamuyankha kuti, "Kuwononga maloko! Kuno chitseko cha khola la mbuzi ndikumanga ndi waya."

Waseka. "Inu bambo a Tadala, simudzasintha."

Ndili kudimba ndayang'ananso chithunzicho. Manja ake onse awiri akuoneka, wagwira chitsulo cha mlatho. Nanga foni anagwira ndani? Funsoli ndalilemba katatu, katatu konse n'kufufuta. Kwatsala zaka ziwiri kuti abwere.