Chipwitikizi cha Ulendo Wina

Lolemba, 2 Juni 2025

Livi yavomerezedwa, masabata awiri. Matikiti ali mu foni ya mwamuna wanga Raphael, ndipo sabwezedwa. Brazil! Zaka khumi ndi zinayi ndikulawa tiyi mu fakitale muno, kulawa n'kulavula, tsopano nane ndikamezeko kanthu. Tinyamuka Loweruka, 5 Julaye. Kunja chiperoni, mapazi ngati a chule. Mwamuna wanga akungokamba za mpira, ine ndikufuna dzuwa ndi nyanja basi. Amayi sindinawauze. Ndiwauza Lamulungu.

Lachinayi, 5 Juni

Ndayamba Chipwitikizi pa foni, mawu ofunika ndikukopera m'kope. Madzulo pakhonde ndikubwereza "bom dia, obrigada", osadziwa kuti Amayi aima pakhomo, lichero lili m'manja. Pasipoti yanga ili poyera pampando. Anakhala pansi. Akuti, "Sellah mwana wanga, wakumbuka?" Kenako misozi.

Akuganiza kuti ndikuwatengera ku Gurue, ku Mozambique, kwa mng'ono wawo a Rozina. Anasiyana mu 1994, othawa nkhondo akubwerera kwawo. Pa maliro a Ababa ndinalonjeza ndekha kuti livi yanga yoyamba yaitali tidzapita. Ndinaiwala. Ayi, ndisanamize kope langa lomwe. Ndinkakumbukira, koma ndinkati chaka chamawa.

Anafunsa tsiku. Ndinati pa 5. Pakamwa panga!

Lamulungu, 8 Juni

Sindinanene. Kutchalitchi Amayi auza anzawo a chigwirizano onse. Mmodzi anandigwira dzanja osalisiya, akuti kubala ndi kumeneku. Ndinamwetulira ngati mbuzi yogwidwa m'munda.

Loweruka, 14 Juni

Amayi ayanika chinangwa cha makaka padenga. Nyemba za kalongonda m'kathumba. Chitenje chatsopano chobiriwira, akuti Rozina ankakonda mtundu umenewo ali mtsikana. Andipempha mapaketi awiri a tiyi wa pa esiteti pano, ngakhale ku Gurue nakonso tiyi ndi wosayamba. Akuti, "Akalawe wa m'munda umene ndinathyola ine." Zaka makumi atatu dengu kumsana, kuti ine ndikhale m'chipinda choyera ndi supuni m'manja.

Ndayang'ana pa mapu. Luchenza, Mulanje, Muloza, Milange, Gurue. Tsiku limodzi, mwina ndi theka msewu ukavuta. Kwathu ku Brazil ndege zitatu.

Ndalemba "kwathu". Taonani.

Lachitatu, 18 Juni

Ndabayitsa katemera ku Blantyre, kadi yachikasu ndaibisa m'Baibulo. Mkono ukuwawa, ndipo ndi bwino uwawe. Raphael akuti, "Uwauze lero, chilonda chobisa chimanunkha. Tidzawaperekeza pa Khirisimasi." Iye n'zosavuta, si mayi ake. Pa Khirisimasi tiyi amakhala ali pachimake, livi ndani angandipatse? Ndiponso a Rozina ali ndi zaka 74, chifuwa chosatha.

Choipa kwambiri n'chakuti ndikufunabe kupita. Ndagula zovala zosambira pa kaunjika ku Limbe. Ndaziyesa kawiri, chitseko chokhoma.

Lachisanu, 27 Juni

Amayi atumiza uthenga ku Gurue osandiuza. A Maulidi, amene amanyamula katundu pa lole kupita ku Milange, anapeza nambala ya mpongozi wa a Rozina. Lero kwabwera mawu pa foni yanga. Mawu a munthu wokalamba, opuma pakati. Chilomwe chokhachokha, chimene ine ndinachikana ndili ku sekondale poopa kusekedwa. Ndinatolapo ziwiri zokha: dzina langa, ndi "sábado". Loweruka. Mawu amenewo ndinawaphunzira dzana, pofuna kudziwa tsiku la msika wa m'mphepete mwa nyanja.

Amayi amvetsera kasanu ndi kawiri. Akuti kumeneko asunga nkhuku ziwiri, ndipo nyumba aizira kale.

Lachinayi, 3 Julaye

Ku ntchito ndalakwitsa magiredi, makapu onse kukoma kumodzi. Abwana andifunsa ngati ndili ndi chimfine. Masutikesi athu ali pansi pa bedi. Mtolo wa Amayi uli pabalaza, womanga kale, nsapato zawo zopolisha pamwamba.

Lachisanu, 4 Julaye

Ndawauza m'mawa, akusesa pabwalo. Ndinayamba ndi za matikiti osabwezedwa, ngati kuti mlandu ndi wa ndege. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anafunsa ngati Brazil ndi kupitirira Gurue. Ndinati inde, kutali, kuwoloka nyanja. Akuti, "Kumeneko kuli ndani wathu?" Ndinati kulibe. Anagwedeza mutu, n'kumaliza kusesa.

Masana amasula mtolo. Makaka abwezera m'dengu, tiyi pashelefu. Chitenje andipatsa ine, akuti m'ndege mumazizira. Sindinathe kuchikana, sindinathenso kuchigwira bwino.

Kenako anatenga foni yanga patebulo n'kundiikira m'manja. Akuti, "Ine kumunamiza Rozina ndamunamiza kale, osadziwa. Chilomwe unachikana. Poti Chipwitikizi ukuchidziwa, muuze wekha asaphe nkhuku."

Ali pakhonde, akudikira ndiyimbe. Ndatsegula kope langa la Chipwitikizi, masamba asanu ndi limodzi. Muli gombe. Muli kiyi wa chipinda, madzi ozizira, nsomba yowotcha, tijambuleni chithunzi. Ndabwereza kawiri kuyambira tsamba loyamba. Pepani mulibe.