Maliro Anu Alowa M'magitala a Chikumbutso

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Birmingham kuzizira sikunaleke, mawondo anga ayamba kulira ngati anu aja. Alamu abereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Chimanga kumudzi akuti chachita bwino.

Nkhani ndi mdzukulu wanu Chikumbutso. Wayambitsa bandi ndi anzake atatu a ku Oldbury, nyimbo zake amati hevi meto. Musaganize zoimba, Amayi. Magitala amabangula, ng'oma ngati matalala padenga la malata, iye nkumakuwa ndi kukhosi, kenaka mwadzidzidzi nkuimba mofatsa. Akuti asakaniza mitundu yonse yaukali ya nyimbo zimenezi.

Paja maliro anu tinaonera pafoni, ine nditangoweruka kuchipatala. Kani mwanayu ankajambula! Nyimbo imene anthu ankaimba potsitsa bokosi lanu, pamodzi ndi kulira kwanga, waziika kumayambiriro kwa nyimbo yawo. Anthu aikonda, bandiyo ikuitanidwa mpaka ku Coventry. Ine ndinaimvera pafoni ya namwino mnzanga, ndinakhala pansi m'wodi momwemo. Chikumbutso sanandipemphe. Misozi yanga azungu a tsitsi lalitali akuivinira ndi mitu, ndipo zikundiwawa.

Tsono amayi a kutchalitchi amva. Akuti ndi zausatana, ndimuthamangitse pakhomo, apo ayi ndivule yunifomu yoyera ya amayi a mpingo. Ha! Anthu omwewa, inu mutatisiya, palibe anabwera kudzagona nane pamaliro. Anangotumiza tizithunzi ta manja opemphera pafoni, ati atanganidwa ndi mashifiti kuntchito. Amene anakhala nane pakapeti ndi anyamata a bandi omwewo, a zovala zakuda, mwambo osaudziwa, akungondiphikira tiyi wosatha. Munkati mbale weniweni amaoneka pamaliro, ine ndinkayesa mukungolankhula.

Yunifomu ija ndaichapa, ndaisita, Lamulungu ndakaisiya pabenchi m'tchalitchi. Inu ndi amene munandiveka koyamba, ndikudziwa mukanalira. Koma munkatinso chibale ndi fupa, sichiola. Chikumbutso sindinamukhululukire, m'khitchini timangopatukirana. Koma akugona m'chipinda chake, ndipo palibe amene amutulutsemo.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti ndidzabwera naye, adzagwade pamanda panu, akupepeseni yekha ndi Chichewa chake chothyokathyokacho. Gitala adzaisiya pamsewu.

Ndine mwana wanu,
Esinati