Amayi Anadzukira Alendo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma ine msana watha ndi kunyamula amayi.

Lachiwiri kunabwera anthu a boma ofufuza okalamba oti azithandizidwa pakhomo. Ine ndinali ku Milepa kukatenga mankhwala. Amayi, amene sadzuka popanda ine, atamva "Odi!" anakwawa, n'kumanga chitenje cha kutchalitchi, n'kukhala tsonga pakhonde. Atafunsidwa anati, "Ndili bwino ndithu, kaya inu?" Anawapatsanso nandolo. Alendowo anachoka akuti gogoyu ngwamphamvu, thandizo n'kutiphonya.

Nditakalipa, amayi anangoti, "Mlendo salandiridwa chogona."

Chonde aimbireni foni, poti inu amakumverani. Muwauze kuti anthuwo akadzabweranso, alole kudwala.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati